Chifuwa cha Achimwene

Nkhani iyi ndinaimva kwa dalaivala wina wa lole, titausa pansi pa mlatho kudikira kuti mvula ikate. Inali ya mlamu wake, mayi wosaka mavairasi a m'makompyuta.

Tsiku lina mwini sitolo wina anamubweretsera kompyuta yakalekale, vairasi ikudya mafailo. Mayiyo anaitsegula vairasiyo ndi dibaga, chida choyendetsera pulogalamu mzere umodziumodzi kuti uone zimene ikuchita. Ali mkati, manja anaima. Vairasiyo isanachite chilichonse, inkayamba ndi timalamulo topanda ntchito, tongouza makina kuti adikire kaye.

Wolemba choncho iye ankadziwa mmodzi yekha: malemu achimwene ake, amene paunyamata ankapanga timavairasi mwamasewera, munthu wotsokomola kaye asanayankhule. Anakumbukira kachipinda kawo kotentha, kompyuta ikulira ngati chigayo, iye akuwaseka kuti, "Achimwene, mpaka makina mwawapatsira chifuwa!"

"Mayi, mufufuta kapena muzingoipenya?" anafunsa mwini sitolo uja. "Zithunzi za ana anga zikutha umu!"

"Pepani bambo, dikirani pang'ono. Ndikutsanzikana ndi munthu."

Anaifufuta, zithunzi zinapulumuka. Koma anayamba waikopera m'kompyuta yosalumikizidwa ndi ina iliyonse. Akuti akawasowa achimwenewo amaiyendetsa pang'onopang'ono, kufikira pamene imatsokomola paja.

Ine ndimakayika. Ndayenda, ndaona kuti olemba mapulogalamu ndi ambiri, ndipo wachifuwa sangakhale mmodzi. Mwina mayiyo anangofuna kuti wolembayo akhale achimwene akewo.