Mathaulo a Eni

Tsiku lachitatu pachilumbapo, Mayi Simbi anayamba kudana ndi manja awo. Analibe powaika. Akawaika pamiyendo, zala zinkavina zokha. Akawapinda pachifuwa, ankaoneka ngati akwiyira munthu. Ndiye ankangozunguza kachibangili kapulasitiki komwe anawamanga padzanja tsiku lofika.

Kachibangiliko ndiko kanali kiyi wa chilichonse pahotelapo. Ukakaonetsa, wadya. Ukakaonetsanso, wamwa. Kusambira, kukwera bwato, kumvera oimba, zonse zinali momwemo. Bedi ankayala ena. Mbale ankachotsa ena, nthawi zina supuni ikadali m'kamwa. Mlendo ntchito yake inali kupuma basi.

Kupumako ndiye kunali phiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito kochapira pachipatala chachikulu m'tauni. Dzina la Simbi analipezera komweko, chifukwa nsalu ikadutsa m'manja mwawo inkatuluka yosalala ngati pepala. Kumayambiriro kwa chaka anapuma pantchito. Kalata inawapeza, koma thupi silinaiwerenge. Linkawadzutsabe folo koloko.

Ulendowu anaukonza ndi mwana wawo womaliza, yemwe mpaka ndevu ankangomutchula kuti Mzime, pamodzi ndi mkazi wake. Mpongoziyo anali woyembekezera, miyezi isanu. Nkhani yonse inagona pamenepo. Mayi Simbi ankafuna kukakhala nawo mwana akabadwa. Chimwalirireni amuna awo, nyumba yawo inali zii, moti furiji ikazima ankamva ngati mlendo watsanzika. Mzime anali atavomera kale. Mpongozi anali asanayankhe.

Chifukwa chake sichinali chobisika. Ulendo wina atapita kukawachezera, eni nyumba ali kuntchito, Mayi Simbi anasamutsa mbale zonse m'kabati. Atamaliza analowa kuchipinda chogona n'kupinda zovala za mpongozi, mpaka zam'kati zomwe. Anachita ndi mtima wabwino. Mpongozi anathokoza ndi pakamwa. Sanawaitanenso miyezi isanu ndi itatu.

Pabwalo la ndege Mzime anawakokera pambali.

"Amayi, masiku asanu okha. Musagwire kanthu, musakonze kanthu. Aone kuti mungathe kukhala m'nyumba ya eni osaisandutsa wodi."

"Ndiye ndizikachita chiyani?"

"Zimene anthu amachita patchuthi."

"Amachita chiyani?"

"Palibe."

Kunena zoona, anayesetsa. Tsiku loyamba anaonerera woyala bedi akupinda makona mokhota, iwo n'kungomeza malovu. Kodyera anaunjika mbale zinayi asanazindikire. Woperekera zakudya anawalanda mwaulemu, ngati akulanda mwana mpeni. Tsiku lachiwiri anayenda. Kuchoka pageti kukafika padoko la mabwato, mphindi khumi ndi ziwiri. Kubwerera, chimodzimodzi. Anayenda kasanu ndi kawiri, mpaka mlonda anawafunsa ngati ataya chinthu. Nyanja nayonso sinkakhazikika. Kubwera, kubwerera, kubweranso. Koma iyo panalibe ankaiuza kuti ipume.

"Mukusangalala, amayi?" mpongozi ankafunsa.

"Kwambiri, apongozi. Ndanenepa kale."

Mpongozi ankagwira ntchito mufamase. Maso ake anazolowera kuwerenga tizilembo tating'ono. Ankangoyang'ana zala zija.

Tsiku lachitatulo Mayi Simbi anadikira kuti kuyere, n'kutuluka. Pagombe anali asanafikepo m'mamawa chonchi. Kunalibe munthu. Mipando yogonapo inali m'mizere itatu, ina pansi pa maambulera audzu, ina pansi pa mitengo ya kokonati. Ndipo pafupifupi pampando uliwonse panali thaulo la hotela. Lina lopotoka, lina longoponyedwa, lina likukwekwereza mchira mumchenga.

Anaima. Kuchipatala lamulo linali limodzi: nsalu yopanda munthu pabedi ndi yakuda, ndipo bwana akaipeza, mlandu ndi wa amene walowa m'mawa. Apa wam'mawa ankamudziwa. Anali mayi wowonda wa pakanyumba kogawira mathaulo, yemwe ankayenda motsimphina, bandeji ali pakakolo. Zidakwa zadzulo zamusiyira mtolo, anaganiza choncho. Mwendo umenewo, mizere itatu.

Anadutsa, manja ali kumbuyo. Anafika kumapeto kwa mzere. Anabwerera.

"Limodzi lokha," anadziuza. "Ili lili mumchengali."

Analikung'untha, n'kulipinda patatu. Mapewa anamasuka. Lachiwiri linali pafupi kwambiri. Lachitatu silinafunenso chifukwa.

Pofika hafu sikisi, mathaulo makumi anayi ndi atatu anali pashelefu ya kanyumba kaja, milu inayi, m'mbali mofanana ngati anadula ndi mpeni. Zimene anazipeza pamwamba pake, mabuku awiri, chipewa, mabotolo a mafuta odzola padzuwa, silipasi imodzi yopanda inzake, anaziika bwinobwino m'dengu. Anthu osasamala, anatero mumtima. Kodyera anadya mazira awiri, buledi ndi zipatso. Chifikireni chakudya chinali chisanakomepo chonchi.

Cha m'ma naini anatsetserekera kugombe onse atatu. Mzime ananyamula chikwama. Mpongozi ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Lero tili ndi malo abwino, amayi," anatero mpongozi. "Pansi pa mtengo, mzere woyamba. Dzulo ndinaona dzuwa likukuvutani maso, ndiye ndinalawirira hafu faifi kukaika mathaulo athu."

"Kukaika... mathaulo?"

"Ndi mmene amachitira kuno. Thaulo likakhala pampando, ndiye kuti mpandowo uli ndi mwini. Munthu amaika, n'kubwerera kukagona."



Phokoso analimva asanaone anthu. Pamipando yonse yamthunzi panali patagona kale ochedwa kudzuka, omwe anapeza mwayi wosayembekezeka ndipo sankafuna kuusiya. Eni ake akale anaima mozungulira, manja m'chiuno. Bambo wina wamkulu thupi, wopsa ndi dzuwa ngati soseji, ankaloza mpando n'kumadziguguda pachifuwa. Wogonapoyo anadziphimba nyuzipepala kumaso. Mayi wina ankakweza m'mwamba silipasi imodzi, akufunsa aliyense m'chinenero chosadziwika.

Pakanyumba kaja panali manijala, malaya oyera, kawailesi m'manja. Kwa alendo ankamwetulira. Akatembenukira kwa mayi wa mathaulo, kumwetulirako kunkazima.

"Anakutumani ndani?"

"Ndapeza zili chonchi, bwana."

"Ndiye adzipinda okha?"

"Kapindidwe aka si kathu. Ife timapinda panayi."

"Mukandifotokozera ku ofesi. Siyani makiyi."

Mzime anayang'ana milu ija kamodzi kokha. Anakula akupukutira mathaulo opindidwa patatu. Anakhosomola.

"Amayi, tiyeni tikaone mabwato."

"Mabwato atani?"

"Akuti lero ndi... okongola. Tiyeni."

Mpongozi nayenso ankayang'ana miluyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanatembenuke, sanafunse kanthu. Njira yothawira inali yotseguka, ndipo kunangotsala masiku awiri kuti mayeso athe. Mayi Simbi anaponya phazi limodzi kulowera kudoko. Kenako anamva makiyi akugwa pashelefu. Mayi wa mathaulo ankamasula epuloni.

Mayi Simbi anabweza phazi lija.

"Abwana," anatero. "Musiyeni mayiyu. Ndine."

Manijala anayang'ana nkhope, n'kutsikira pakachibangili. Kumwetulira kunayakanso.

"Inuyo, mayi? Onsewa?"

"Makumi anayi ndi atatu. Ndimaganiza kuti ndi akuda. Awiri ndi akudadi, ali pansi pa mulu wakumanzerewo, muwaviike msanga."

"Amayi," Mzime anadandaula chapansipansi.

"Khala chete iwe."

Mlendo sakalipiridwa. Manijala anaseka pang'ono, n'kunena kuti zimachitika, ngakhale nkhope yake inkanena kuti sizinachitikepo. Anabwezera mayi uja makiyi osamuyang'ana. Koma zinthu sizinabwerere m'malo. Ogona sanadzuke. Mayi Simbi ananyamula dengu, n'kuyenda mzere ndi mzere, kubweza buku, chipewa, botolo, akupepesa aliyense. Ena anaseka. Ena analandira osayankha. Bambo wopsa uja anawalalatira mawu ambiri, iwo n'kumangovomera ndi mutu, osamva ngakhale limodzi.

Pobweza dengu, mayi wa mathaulo anawanong'oneza.

"Mumapinda bwino, mayi. Koma mawa mugone."

Pansi pa mtengo paja panali patagona banja lina. Iwo atatu anakapeza mthunzi pakhoma lalifupi kuseri kwa bala, pafupi ndi makireti a mabotolo. Nyanja sinkaoneka n'komwe. Mpongozi anakhala, n'kuvula nsapato.

"Katitengereni madzi," anauza mwamuna wake. "Osathamanga."

Mzime anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mayi ake. Anapita ngati munthu wosiya mkaka pamoto.

"Anakuuzani kuti ndikukuyesani, eti?"

"Anandiuza."

"Mwana wanuyu sasunga kanthu m'kamwa."

"Anatengera bambo ake." Mayi Simbi anapukuta mchenga pabondo. "Ndalephera, apongozi."

"Mwalephera."

"Sindikunamizani kuti ndisintha. Manjawa ndakalamba nawo. Akaona chinthu chili pendapenda amafika ine ndisanafike."

"Manja anu sindidana nawo, amayi. Mwana akabadwa ndidzawafuna onse awiri, mwinanso sadzakwana. Chimene chimandiopsa n'chakuti inu mukaona chinthu mumaganiza kuti chilibe mwini. Munalowa kuchipinda kwanga."

"Zovala zija zinali zosapinda bwino."

"Zinali zanga."

Kuseri kwa khoma munthu ankaphwanya ayezi.  

"Zinali zanu," anavomera Mayi Simbi. "Sindinafunse. Pepani."

Mpongozi anatambasula miyendo. Mapazi anali atatupa pang'ono.

"Nditaona milu ija ndinadziwa. Mukanapita kumabwato sindikanakuululani. Koma yankho langa likanakhala ayi. Sindingakhale m'nyumba imene zinthu zimasuntha, wosuntha osaoneka."

"Ndiye pano yankho ndi lotani?"

"Mwezi umodzi."

"Umodzi? Ine ndimati ndikubwera kudzakhala."

"Ndikudziwa. Nyumba yanu musaipereke kwa munthu. Mwezi umodzi, ukatha tidzakhala pansi."

"Mwezi umodzi mwana amakhala asanadziwe ndi nkhope ya agogo ake yomwe. Itatu."

"Amayi, sitili pamsika."

Mayi Simbi anapuma mozama. Anabwera kuno kudzafuna nyumba, apatsidwa mpando wa alendo. Komabe unali mpando.

"Zovala za mwana?"

"Zanu. Chapani, sitani, pindani patatu, pakhumi, mmene mungafunire."

"Kukhitchini?"

"Muzifunsa."

"Nanga ndikapeza kuchipinda kwanu kuli..."

Mpongozi anangowayang'ana.

"Ndamva," anatero Mayi Simbi.

Mzime anatulukira ndi matambula atatu, akuyenda chammbali ngati nkhanu kuti aone nkhope kaye.

"Kuli bwanji kuno? Tonse tili moyo?"

"Amayi abwera mwana akabadwa," anatero mkazi wake. "Mwezi umodzi."

"Zoona? Ndiye mayeso aja akhoza?"

"Alephera. Iweyo walephera kuposa iwo. Mabwato okongola?"

"Ndimapulumutsa banja."

"Umathawa."

Mayi Simbi analandira madzi, koma sanamwe. Milomo inkayenda, chala chikugogoda tambula. Anali atayamba kale kuwerenga: tsiku lotuluka kuchipatala, sabata yoyamba, yachiwiri, Lamlungu anayi okha.

"Apongozi, tingogwirizaniratu. Mwezi umenewu ndi wa masiku angati? Pajatu ina imakhala ndi makumi atatu ndi limodzi."

Mpongozi anamwa madzi ake mpaka kumaliza.

"Mukapitiriza, amayi, ukhala Febuluwale."