Madzi Osamba a Alamu

"Mlamu wako usadzamuikire madzi osamba," anatero amayi anga tsiku lometa maliro a mwamuna wanga Mathews. Anayankhula mokweza, pamaso pa azimayi amene ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. "Chakudya umupatse, madzi akumwa umupatse. Koma kubafa ayi."

Azimayi aja anaseka. Wina anati, "Inu a ku Nathenje, kuno ndife opemphera. Za chokolo zinapita ndi makolo." Nanenso ndinaseka nawo, mwamanyazi. Amayi anakwera kabaza n'kubwerera kwawo. Ine ndinatsala pa chitengwa ku Mitundu ndi mwana wanga Tadala kumsana, kudikira kuti akuchimuna andisudzule, ndikhale mfulu.

Mwezi wa Seputembala utafika, a Efulemu, akulu ake a Mathews, anayamba kusamalira nazale yathu ya fodya kudimba. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, osayankhula zambiri. Tsiku lina anatulukira pakhomo panga ali matope mpaka m'mawondo. Akazi awo, a Zipora, anali atapita kumsika ndi tomato. Madzi amene ndinatenthetsera Tadala anali atatsala ambiri, ndiye ndinawathira m'beseni, ndinaika sopo ndi thaulo la malemu, basi pakamwa panga panangotuluka mawu akale aja amene ndinkaitanira mwamuna wanga kubafa.

"Alamu, madzi ali kubafa."

Anandiyang'ana kanthawi ndithu. Kenako anakasamba. Potuluka, thaulo lili paphewa, anakumanizana ndi apongozi anga a Jeremiya, bambo awo, amenenso ndi mkulu wa mpingo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, apongozi anandiitanira kuchigafa kumene amayanika fodya. Ndinagwada chapatali. A Jeremiya anali pampando ndi Baibulo lawo la zipi, a Efulemu anakhalira kheni yothirira, a Zipora anali pansi atatambalala, nawonso Baibulo lili pamiyendo.

"Amake Tadala, mwatipeputsira ntchito," anatero apongozi. "Ifetu tinkasowa poyambira. Mkazi akaikira mwamuna madzi, ndiye kuti wayankhula."

"Bambo, anali ndi matope chabe."

"Matope amachoka kudimba komwe, chitsime chilipo."

Anatsegula Deuteronomo n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pa mzere. Pamenepo akuti abale akamakhala pamodzi, wina n'kumwalira wopanda mwana wamwamuna, mbale wotsalayo atenge mkaziyo kuti dzina la malemu lisafafanizike.

"Tadala ndi wamkazi," anatero potseka. "Ichi si chokolo cha achikunja ayi. Awa ndi malemba."

"Apongozi, mwatseka msanga," anatero a Zipora. "Bwererani m'mbuyo pang'ono, ku Levitiko." Sanadikire. Anawerenga okha kuti wotenga mkazi wa mbale wake wachita chonyansa, ndipo awiriwo adzakhala opanda ana. "Nanga Yohane Mbatizi anamuduliranji mutu? Si nkhani yomweyi?"

"Mbale wa Herode anali moyo. Mathews ali kumanda," anayankha apongozi.

"Nanga ine ndili kumanda?"

"Yakobo anali nawo awiri, pachibale pawo."

"N'chifukwa chake pakhomo pake panali phokoso mpaka ana kugulitsana. Ndipo si inu nomwe munaimitsa a Gilibati kudya mgonero atatenga wachiwiri?"

"Za a Gilibati zinali zachilakolako. Izi ndi za udindo."

A Zipora anatembenukira kwa ine. "A Fomu 4, mwangoti duu bwanji? Si munalemba mayeso a Baibulo inu? Tiwerengereni ife osaphunzira."

Anandipatsa mabuku onse awiri. Zoona, phunziro limenelo ndinakhoza bwino, koma pa mayeso funso lililonse linkakhala ndi yankho limodzi. Ndinayang'ana tsamba la apongozi, ndinayang'ana tsamba la a Zipora. Zilembo zake zofanana, buku lake limodzimodzi. Ndinafufuza ngati pali kamawu kamene wina wadumpha, koma onse anawerenga molondola. Tadala anayamba kukoka tsambalo, ndinamugwira dzanja.

Ndinakumbukira ndime ina. "Paulo anati mkazi wamasiye ndi womasuka kukwatiwa ndi amene wamufuna," ndinatero chapansipansi.

"Eya!" Apongozi anaomba m'manja kamodzi. "Amene wamufuna. Inu munafuna kale, ndi beseni."

Ndinayang'ana kwa a Efulemu kuti mwina andiwombola. Iwo ankakumba pansi ndi kamtengo.

"Ine ndimangothirira fodya," anatero. Anatsokomola. "Koma ngati Mulungu wanena, ndingakane ndine ndani?"

"Wanena pa tsamba liti?" anafunsa akazi awo. "La bambo anu kapena langa?"

Ineyo chimene chinandisokoneza kwambiri ndi kutsokomola kuja. A Efulemu amatsokomola ngati Mathews, kawiri, kachiwiriko motsitsa. Ndipo pali chinthu chimene sindinauze munthu. Tsiku lija, madzi atayamba kukhavukira kubafa, ndinaima pakhonde n'kutsinzina, kwa kanthawi pakhomo panga panamveka ngati pa masiku akale. Yesu ananena za woyang'ana munthu momukhumba. Ine sindinayang'ane, ndinangomvetsera, ndipo amene ndinkamumva ali m'manda. Kodi limenelo ndi tchimo? Ngati ndi tchimo, ndinachimwa ndi ndani? Mwina apongozi akunena zoona kuti ndinayankhula, ine osadziwa.

"Mawa m'mawa ankhoswe abwera," anatero a Jeremiya akukoka zipi. "Zosudzula palibe. Munthu sasudzulidwa mwamuna ali pomwepo. Mukakana pamaso pa ankhoswe, njira ya ku Nathenje mukuidziwa, koma Tadala ndi wa pano."

Dzuwa likulowa ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Ndikati ndipemphere, sindinkadziwa kuti ndipemphe chiyani, poti aliyense anali ndi Mulungu kumbali yake. A Zipora anadutsa ndi ndowa pamutu, anaima osandiyang'ana.

"Wilson wakabaza amanyamuka tambala woyamba kukasiya tomato kumsewu," anatero. "Kumbuyo kumakhala malo a munthu mmodzi ndi mwana."

Anapitirira ulendo wawo. Sindikudziwa ngati ankandithandiza kapena kundithamangitsa.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinayala chitenje pansi n'kuikapo zovala za Tadala, buku lake la kusikelo, satifiketi yanga ndi madiresi awiri. Ku Nathenje ndikafika wosasudzulidwa, ndipo sindikudziwa kuti akanditcha chiyani: wamasiye, mkazi wa mwini, kapena wothawa ndi mwana wa eni. Mwina ndikulakwira Deuteronomo. Koma ankhoswe akandipeza m'mawa, chilichonse chimene ndinganene chili ndi ndime yochitembenuza, ndipo pomaliza adzandichotsa mwana kumsana.

Ndinamanga mfundo ya chitenje, ndinachibisa kuseri kwa chitseko. Tambala woyamba asanalire, ine ndi Tadala tikhala tili panjira ya kwa Wilson.