Nsapato za pa Mzikiti

Boma litabweretsa ndondomeko ya apolisi a m'mudzi padoko lina la kufupi ndi Lungwena, linanenetsa kuti m'komiti mukhalenso amayi. Amuna anavomera msanga, monga amavomerera chilichonse chobwera pagalimoto, ndipo anaseka galimotoyo itapita. Anasankha Amida, mkazi wa Che Jaffalie mwini bwato, ndi Teresa wogulitsa mandasi, amene makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika komweko. Aliyense analandira wezulo ndi chovala chachikasu chonyezimira, chachikulu ngati anayesera pa ng'ombe.

"Ndiye kuti tsopano ndikugona ndi boma, Abiti Zubair?" anafunsa Che Jaffalie, amene ankaitana mkazi wawo ndi dzina la bambo ake. "Ndikaliza mkonono mundimanga?"

"Mkonono si mlandu," anatero Amida. "Ndinafunsa kale."

Wophunzitsa komitiyo anali Sajeni Dorika, wapolisi wamkazi amene ankabwera panjinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsidze. Mfundo zake zinali zochepa: gwirani, musamenye, imbani foni. Tsiku lina anawonjezera kuti gulu la anthu limapha chifukwa lilibe dzina, choncho likafika, muziitana aliyense ndi dzina lake. Amuna a m'komiti ankayasamula. Amida sanayasamule. Mlamu wake Nasir, mng'ono wa Che Jaffalie, anali kundende. Munthu wina anaba khoka padoko loyandikana nalo, anthu anamuveka tayala, ndipo Nasir, amene ankatseka maso popha nkhuku, anapezeka kuti ndiye ananyamula chigubu cha petulo. Mpaka lero amati sakudziwa kuti chigubucho chinafika bwanji m'manja mwake. Ana ake ankadyera kwa Amida.

Amuna a m'komiti ankalondera usiku, nthawi imene mainjini amabedwa. Za Lachisanu masana panalibe amene anaziganizira, ngakhale ndi nthawi yokhayo pa sabata imene pafupifupi mwamuna aliyense wapadoko amakhala m'nyumba imodzi, atayang'ana mbali imodzi.

Lachisanu limenelo linali la mu Okutobala. Dzuwa linkaswa mtengo, mchenga uli ngati chiwaya cha chipisi. Usipa unali utaphedwa wambiri, moti amayi ambiri anatsala pamathandala kuutembenuza pamene amuna anavala mikanjo yoyera n'kupita kumzikiti kukaswali. Amida anali atawerama pathandala lake pamene Teresa anamukodola. Kuseri kwa chisakasa cha Che Jaffalie kunkatuluka munthu wachilendo atasenza thumba lolemera. Amida anadziwa cholemeracho asanachione: batire la magetsi oitanira usipa panyanja. Popanda ilo bwato silinyamuka.

Analiza wezulo ndi mpweya wake wonse. Amayi anakuwa, "Wakuba! Wakuba!" Munthuyo anaponya thumba n'kuliyatsa liwiro, koma anakodwa m'zingwe za khoka loyanika, nagwa chafufumimba. Zakia, mlongo wa Che Jaffalie, mayi wathupi lake, anangofika n'kumukhalira pamsana ngati wapeza mpando m'minibasi.

"Osamenya!" anakuwa Amida, akuvala chovala chachikasu chija pamwamba pa chitenje. "Mayi inu, chikunicho pansi!"

Anamumanga manja ndi mpango, namulowetsa m'chisakasa momwe anabamo. Teresa anaimbira Sajeni Dorika.

"Ndikunyamuka pompano," anatero Sajeniyo, "koma msewu wanuwo mukuudziwa. Musungeni wamoyo."

Amida anali atayamba kumwetulira pamene chimkuzamawu cha kumzikiti chinamveka. Ulaliki unali utatha, Shehe anali kuyamba swala. Kumwetulirako kunazilala. Wezulo ija inamveka mpaka kumeneko. Mawu oti wakuba anamvekanso. Palibe mwamuna amene akanadula swala pakati, koma ikangotha onse atulukira khomo limodzi, nthawi imodzi, mtima umodzi, ndipo pakati pa mzikiti ndi chisakasa panali mabwato, lililonse ndi chigubu chake cha petulo. Patsogolo pa onse padzakhala mwini batire.

Wogwidwayo anazidziwanso. Anali bambo wowonda, wa ndevu zapatalipatali, thukuta lili chuchuchu.

"Mayi, ndimasuleni ndithawe," anatero. "Andiwotcha. Wallahi andiwotcha."

"Dzina lanu ndani?"

"Sefu."

Amida anayang'ana mfundo ya mpango ija. Kuimasula kunali kosavuta. Koma mawa lake doko lonse likanati amayi a m'komiti amathawitsa akuba, ndipo wakuba wotsatira akanawotchedwa popanda woimbira foni aliyense.

"A Sefu, mwaba, ndipo mukayankha kukhoti," anatero. "Koma mukafikako ndi khungu lanu. Khalani phee."

Anatuluka, nayang'ana mchenga umene unkanyezimira mpaka kupweteka m'maso. Anayang'ananso mapazi ake, amene ankamva kutentha ngakhale anali m'masilipasi.

"Teresa, khala pakhomo pano. Alamu, tengani madengu, tiyeni."

"Ndipite ineyo, ndimathamanga," anatero Teresa.

"Iwe ndiwe wa kutchalitchi. Ukakhudza kanthu pamzikiti, nkhani ikhala ina."

Pakhomo la mzikiti nsapato zinali ndandanda, ziwiriziwiri, aliyense pamalo pake pamene amasiya sabata ndi sabata, kuti potuluka phazi lingolowa losayang'ana. Zambiri zinali masilipasi abuluu a mtundu umodzi, amene wamalonda wina wa ku Chiponde anagulitsa doko lonse Ramadani itayandikira. Kudzera pazenera Amida anaona misana yoyera ikuwerama pamodzi.

"Astaghafirula," ananong'ona Zakia. "Tikuba nsapato pamzikiti, alamu?"

"Sitikuba. Tikuzichotsa padzuwa."

Anaziwolera m'madengu mwakachetechete, nakazikhuthula pamthunzi wa mtengo wa mango kumbali kwa mzikiti. Amida anausakaniza muluwo ndi manja awiri monga amasakanizira usipa ndi mchere. Nsapato za Shehe zokha, zachikopa, anazisiya pamalo pake. Kenako anabwerera kuchisakasa, nauza amayi kuti akokere mabenchi pamthunzi wa khonde ndi kubweretsa beseni la madzi. Iye anakhala pansi, msana atatsamira chitseko.

Chimkuzamawu chinapereka salamu yomaliza. Phokoso linabuka ngati njuchi zaputidwa, likubwera. Kenako linaima. Linasanduka phokoso lina, la anthu ambiri ofunsa funso limodzi.

Anthu ochokera koswali, opita kukalanga wakuba, sakanavala nsapato za eni ake. Aliyense anayenera kupeza zake, kumanja ndi kumanzere, pakati pa masilipasi ofanana ngati usipa wa m'dengu limodzi. Ali pachisakasa, Amida ankamva mawu a nkhalamba ina ikulumbira kuti yake ili ndi msomali pachingwe, wina akuyankha kuti theka la doko lili ndi msomali pachingwe.

Mmodzi yekha ndiye sanadikire. Che Jaffalie anatulukira pakati pa mabwato opanda nsapato, mkanjo ataukwinya m'manja, nkhafi ili kukhwapa. Anayamba ndi kuthamanga, pakati panjira anayamba kudumphadumpha, ndipo pofika anali kuvina gule amene Amida anali asanamuonepo chikwatirane. Mthunzi unalipo umodzi wokha, pakhonde pomwe panali mkazi wawo. Analowa pomwepo. Amida anakankhira beseni kutsogolo, ndipo mapazi analowamo okha mwini wake asanawalole.

"Ali kuti?"

"Asalamu aleikumu, bambo a Shakila. Mwaswali bwanji?"

Salamu siikanidwa, ngakhale ndi munthu wonyamula nkhafi. "Wa aleikumu salamu. Ndati ali kuti?"

"Ali kumbuyo kwangaku. Batire lanu ilo, silinasweke. Apolisi ali m'njira."

"Chokani pakhomopo, Abiti Zubair."

"Sindichoka."

"Chisakasa ndi changa!"

"Ndi chanu. Munthuyo ndi wa boma." Amida anatsitsa mawu kuti amayi ena asamve. "Ana a Nasir ndikuwadyetsa ine. Anu adzawadyetsa ndani? Zakia?"

Che Jaffalie anayang'ana chitseko, nayang'ana mkazi wawo m'chovala chake cha ng'ombe chija. Nkhafi sanaisiye, koma m'beseni sanatulukemo.

Ena anayamba kufika, mmodzi, kenako awiri, kenako mmodzi, malinga ndi mwayi wa munthu pamulu uja. Aliyense Amida ankamulonjera asanatsegule pakamwa.

"Che Avelino, ngakhale inu a kutchalitchi mwabwera? Khalani apa, pali malo. Che Shafi, mwendo uja wapola? Zakia, apatseni madzi akumwa Che Shafi."

Munthu wofika yekha, wolonjeredwa ndi dzina amayi akuyang'ana, amasowa poyambira kukuwa. Amayankha moni. Akapatsidwa malo amakhala, ndipo ofika pambuyo akapeza anzawo ali pabenchi, kapu ili m'manja, amayamba kufunsa kuti zakhala bwanji m'malo mofunsa kuti tayala lili kuti.

Koma sikuti onse anazizira. Anyamata anayi ogwira ntchito m'bwato la Che Jaffalie anapeza nsapato zawo nthawi imodzi, nabwera limodzi. Wamtali mwa iwo, dzina lake Eduardo, ananyamula chigubu. Fungo la petulo linafika pakhonde iwo asanafike. M'chisakasa Sefu anayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo amuna ena amene anali atakhala anaimirira.

"Bwana, tiuzeni," anatero Eduardo kwa Che Jaffalie. "Ife tikagona ndi njala chifukwa cha galu ameneyu? Amayi achoke apa."

Amida anaimirira.

"Eduardo mwana wa Sakina," anatero mokweza, "mayi ako ali apo, pathandala lachiwiri. Tembenuka uwaone. Ukathira petuloyo, Sajeni akandifunsa kuti anathira ndani, sindidzati anthu. Ndidzati Eduardo. Teresa adzati Eduardo. Mayi akonso adzafunsidwa."

"Ndipo sindinama kukhoti chifukwa cha iwe," anatero Sakina ali chapatali, manja ali m'chiuno.

Mnyamatayo anayang'ana kwa bwana wake. Aliyense anayang'ana komweko. Che Jaffalie anali chiimire m'beseni, mkanjo wanyowa m'munsi, ndipo Amida anaona kuti maso awo sali pa chitseko koma pa chigubu. Chinali chachikasu, chotsekedwa ndi chitsononkho, chofanana ndi china chilichonse padoko. Chofanana ndi chija cha Nasir.

"Petuloyo ndi wa ulendo wa lero," anatero Che Jaffalie pomaliza. "Kabwezere m'bwato. Ukataya ngakhale dontho, ukapalasa ndi manja mpaka ku Makanjira." Anapereka nkhafi kwa Zakia ngati munthu amene wangoitola panjira, nakhala pabenchi.

Njinga yamoto itamveka, khonde linali litadzaza amuna okhala pansi, ena akukanganabe kuti silipasi yakumanzere ya Che Shafi si yawo. Sajeni Dorika anavula chipewa, nayang'ana gululo, nayang'ana beseni. Amida anatsegula chitseko. Sefu anatuluka akuphethira, wopanda bala kupatula mchenga kumaso ndi msana umene Zakia anaukhalira. Anadutsa pakati pa anthuwo, ndipo panalibe dzanja limene linatambasuka.

"Ndinabwera ndi mtima uli m'mwamba," anatero Sajeni akumuveka unyolo. "Wamugwira ndani?"

Amida anatsegula pakamwa kuti atchule Zakia, koma Che Jaffalie anamutsogolera.

"Komiti yathu," anatero, chifuwa chili patsogolo. "Apampando ake ndi awa, akazi anga. Kuno sitiwotcha anthu, a Sajeni. Timapereka kuboma."

Amida sanali wapampando, ndipo mawu oti sitiwotcha anali ndi zaka zochepa kuposa mandasi a m'beseni la Teresa. Koma sanawatsutse. Ngakhale pamene Sajeni ananena kuti batire lipita nawo ngati umboni, Che Jaffalie anangothandiza kulimangirira panjinga.

Womaliza kufika anali Shehe, akuyenda pang'onopang'ono m'nsapato zawo zachikopa. Anayang'ana njinga ikupita, Sefu ali pakati pa Sajeni ndi batire, kenako anatembenukira kwa Amida.

"Abiti Zubair, ndamva kuti nsapato za Asilamu zinasamuka zokha."

"Zinali padzuwa, Shehe. Pulasitiki imasungunuka."

"Zanga sizisungunuka?"

"Zanu ndi zachikopa."

Shehe anasisita ndevu kwa kanthawi. "Chaka chino dzuwa lakuladi," anatero, napitirira.

Sefu anakaonekera pamaso pa majisitireti ku Mangochi, ndipo batire linabwerera kwa mwini wake. Lachisanu lotsatira, Amida ndi Teresa atavala zachikasu zawo anadutsa pamzikiti popita kumathandala. Nsapato zinali ndandanda monga kale, koma mwamuna aliyense anali atamanga zake ziwiri pamodzi ndi ulusi wa khoka, mfundo yolimba ya asodzi. Za Che Jaffalie zokha zinali zosamanga.