Disiki Yozulidwa Osatsanzika

Wilfredo anali ndi pakamwa, ndipo msewu wonse wa kuseri kwa fakitale ya shuga unkadziwa zimenezo. Akamasula hatchi yake pangolo masana, ankakhala pakhonde kumenya domino ndi anzake, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi: akazi a mumsewuwo ndi masewero awo achikondi a ku Turkey. Ankati mwamuna weniweni amaonera nkhonya, osati anthu ovala masuti akulirana pamasitepe. Akayamba kutsanzira kulirako, Cuco, mnzake wa domino, ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Masewerowo ankabwera m'disiki ya mayi Herminia, nkhalamba ya nyumba yapakona. Disiki yaikulu inali yokhayo mumsewu monse, mwana wawo wamwamuna ndiye anawatumizira kuchokera kunja. Sabata iliyonse inkakwera basi kupita kumzinda wa Holguín kukadzazidwa magawo atsopano, ndipo ikabwerako inkafikira kwa Dayamí, mkazi wa Wilfredo, poti ndiye anali ndi kompyuta. Iye ankathirira mayi aliyense m'kafulashi kake, kenako n'kubweza disikiyo kwa eni ake. Dayamí anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalibwereza ngati pemphero: disiki ndi mlendo, sachoka osatsanzika. Utseke kaye zonse, udine kachizindikiro kapansi kaja, kompyuta ikuuze kuti tsopano ungachotse, ndiye ugwire chingwe.

Chomwe anzake a domino sankadziwa n'chakuti Wilfredo anali atakodwa kalekale. Zinayamba tsiku lina akudikira khofi, maso anangogwera pa mayi wina wa m'seweromo amene anam'bera mwana ali wakhanda. Kuyambira pamenepo, Dayamí akangotuluka kukaima pamzere kusitolo, bambo wa nkhonya uja ankatseka mazenera n'kukoka mpando.

Kenako tsiku lina disiki inabwera ndi gawo lomaliza la seweroli, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayi Herminia akulidikira ndi mtima wonse. M'mawa mwake ankapita kuchipatala chachikulu kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo anali atanena poyera kuti sakagona patebulo la madokotala asanadziwe ngati mwana uja anapezeka. Dayamí anangolumikiza disiki, kunja kunamveka mfuu yoti kusitolo kwafika nkhuku. Anatola chikwama n'kuthamanga asanathirire aliyense.

Wilfredo anaonera gawo lonselo mpaka kumapeto. Sanakhutire, anabweza pamalo paja pomwe mayiyo azindikira mwana wake, misozi ikutsikira m'ndevu. Apa m'pamene anamva mawu a Cuco pakhonde, ndipo Cuco sadziwa kugogoda, amangokankha chitseko ngati kwawo.

Kunena zoona, Wilfredo anayesa kutsanzika. Anadina kachizindikiro kaja, koma kompyuta inakana, inati disiki ikadali pantchito. Ikanalekeranji kukana, mayi uja ali pomwepo akukumbatira mwana wake? Chitseko chinalira. Wilfredo anagwira chingwe n'kuzula. Disiki inalira kamawu kakang'ono ngati mbewa yopondedwa, kenako zii.

"Aise, maso afiira bwanji chonchi?" anafunsa Cuco.

Wilfredo anati ndi utsi, akuwotcha minda ya nzimbe. Anatuluka kukamenya domino, koma masana amenewo sanatsanzire munthu aliyense.

Dayamí atabwerako ndi kankhuku kake, anapeza chingwe chili lende. Analumikizanso disikiyo, koma kompyuta inachita ngati sinaionepo chibadwire, inangofunsa ngati aifufute yonse kuti iyambe pachabe. Anayesa bowo lina, anayesa chingwe china, yankho linali lomwelo. Anayang'ana mpando umene unali utasendera kufupi ndi tebulo, kenako anayang'ana mwamuna wake. Wilfredo anati mwina magetsi anaphethira, si mmene amachitira masiku onse? Dayamí anakulunga disiki m'kansalu n'kumuuza kuti amuperekeze.

Kwa mayi Herminia kunali kutadzaza kale. Akazi a mumsewu anali atabwera ndi mipando yawo kuti aonere pamodzi ndi wodwalayo, khofi ali pamoto, chikwama cha kuchipatala chili chomanga pafupi ndi bedi. Nawo amuna a domino anali atatsamira pazenera la kumsewu, ati kudzatsanzikana ndi mayi.

Dayamí ananena mwachidule kuti disiki yawonongekera m'manja mwake. Odalys, mwana wamkazi wa mayi Herminia, sanamusiye amalize. Anamusambitsa chokweza anthu onse akumva: kuti ndi iye amene amaphunzitsa anzake kutsanzika ndi disiki ngati mphunzitsi wamkulu, kuti nkhuku yamuchititsa kuiwala mayi wodwala, kuti zinthu za eni sazisamala chifukwa sanazikhetsere thukuta. Anawonjezanso kuti kuyambira lero disiki ya m'nyumba muno sidzapondanso pakhomo pake. Dayamí anangoweramitsa mutu, kansalu kaja akukapotokola m'manja.

Wilfredo anali chiimire pambali pake, chipewa chili m'manja. Mawu anali pakhosi penipeni, koma akati atsegule pakamwa ankaona chipumi cha Cuco pazenera. Manyazi anapha lambe, ndipo tsiku limenelo anatsala pang'ono kupha woyendetsa ngolo. Anakhala chete mpaka Odalys anatopa yekha.

Ndi mayi Herminia amene anathetsa phokosolo. Sanakalipe. Anati disiki ndi chitsulo, mwina anyamata a ku Holguín adzaidzutsa sabata yamawa, koma sabata yamawa ndi ya anthu amene ali ndi mitima yabwino. Anatembenukira kukhoma n'kunena motsitsa kuti basi, apita osadziwa.

"Anamupeza, mayi."

Mawuwo anatuluka okha. Mitu yonse inatembenukira kwa Wilfredo.

"Mwati chiyani, bambo inu?" anafunsa mayi Herminia.

"Mwana uja anamupeza. Ndi mnyamata uja wogulitsa tiyi padoko. Anamuzindikira ndi chipsera cha kuseri kwa khutu. Ndinaonera ndine. Disikinso ndazula ndine, ikugwira ntchito, poopa kuti Cuco angandione. Dayamí sanalakwe kanthu."

Anadikira chiphwete cha pazenera, koma sichinabwere. Mayi Herminia anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagunda m'mphepete mwa bedi ndi chikhato.

"Khalani apa. Muyambire poyambira, ndipo musadumphe kanthu. Mayi uja anavala chiyani popita kudokoko?"

Wilfredo anakhala, nafotokoza. Anadziwa mtundu wa diresi, anadziwa amene ananama ndi amene anagwidwa, anadziwa ngakhale za m'magawo akale zomwe akazi ena anali ataiwala. Makutu ankamuyaka ngati awathira tsabola. Atafika pamalo paja analira pamaso pa msewu wonse, kulira komwe kuja ankatsanzira pakhonde. Mayi Herminia analira naye, kenako anapuma mozama n'kunena kuti tsopano madokotala achite zawo. Odalys anapita kukagwira Dayamí paphewa, koma Dayamí anali akuyang'ana pansi.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali likulowa kuseri kwa chumuni cha fakitale. Wilfredo ankamva kupepukidwa pang'ono, moti anayamba n'kudziona ngati wachita chamuna. Anauza mkazi wake kuti mawa anyamula disiki yekha kupita nayo ku Holguín, ndipo anawonjeza, akuseka mwamanyazi, kuti chinsinsi chake chaululika basi.

"Chinsinsi chanji?" anatero Dayamí osatembenuka. "Mumaganiza kuti ndinkasiyiranji disiki yolumikiza ndikamapita kumzere? Zoti mumaonera ndinazidziwa kalekale, ndipo zinkandisangalatsa. Chomwe sindinkachidziwa n'choti mungaime pambali panga, chipewa m'manja, Odalys akundinyoza, inu osatsegula pakamwa."

Analowa m'nyumba kukatsuka nkhuku ija. Wilfredo anatsala pakhonde pomwe panali tebulo la domino, ndipo sanadziwe ngati alowe kapena ayambe wagogoda.