Owerenga a Cornelius anabwera ndi zibonga

Amuna anga a Cornelius atapuma pa uphunzitsi mu 1995, anzawo anagula mbuzi, iwo anakagula makina otayipira akale ku Limbe. Ankalemba nkhani za m'tsogolo: anthu akulima nandolo kumwezi, njinga zikuuluka pamwamba pa phiri la Chiradzulu, zinthu zoti ine ndikamva mutu unkandiwawa. Ankaikamo kaboni kuti mapepala atuluke anayi nthawi imodzi, n'kukawasiya kuchigayo ndi kometera tsitsi pa Namitambo. Zonsezo ulere, wofuna azitenga.

"Palibe amene amawerenga," ankadandaula motero. Ine ndinkawauza kuti asadere nkhawa, osuta chingambwe akuwayamika chifukwa pepala lawo limapichira bwino fodya.

Loweruka lililonse masana ankatulutsa benchi pakhonde kuti aphunzitse ofuna kulemba. Tsiku loyamba anabwera anthu khumi ndi asanu, poganiza kuti pakhala zakumwa ngati kumisonkhano ya mabungwe. Pofika 2002 anali atatsala awiri, Zuwena wogulitsa tomato ndi Jeremiah wokonza njinga. Lamulo la aphunzitsiwo linali limodzi, ndipo ndinalimva mpaka kutopa nalo: "Bodza lako uliike pamalo enieni. Tchula mudzi, tchula mtsinje, kuti wowerenga akhulupirire."

Chaka chimenecho mvula itangoyamba, kunabuka mphekesera ya anamapopa, anthu oti amayenda ndi makina opopera anzawo magazi. Palibe anawaonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Anthu anali atafooka kale ndi njala, mitima ili m'mwamba.

Lachinayi lina m'mawa ndikuchapa, ndinangoona gulu likulowa pabwalo, ena atanyamula zibonga. Patsogolo panali Edwin wa kuchigayo, amene amuna anga anamuphunzitsa sitandade sikisi. M'manja mwake munali mapepala ofiirira ndi gaga.

"Aphunzitsi, izi munalemba ndinu?"

Inali nkhani ya mu 1998. Alendo ochokera ku nyenyezi ina amatera padambo la kuseri kwa nyumba yathu, n'kumatenga dontho limodzi la magazi kwa munthu aliyense kuti apange mankhwala a malungo. Dambolo analitchula dzina, ndi mlatho womwe, monga mwa lamulo lawo lija.

"Munadziwa bwanji zinthu zisanachitike?" anafunsa Edwin. "Ndiye kuti mumagwira nawo ntchito. Kumapetoku munachita kunena nokha." Apa anakweza mawu, osayang'ana n'komwe pepala: "Ndipo adzabweranso mvula ikadzayamba."

Wina kumbuyo anakuwa kuti denga lathu ndi laudzu, silingavute. Ndinamuona Zuwena ataima cha kumsewu ndi dengu lake, maso ali pansi.

A Cornelius anatsika pakhonde pang'onopang'ono.

"Ana anga, zonsezi n'zabodza. Ndine nkhalamba yosowa chochita. M'mapepalamo mulibe kanthu kanzeru ngakhale kamodzi."

Mawu amenewo ndi omwe ndinakhala ndikuwanena ine kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Koma kuwamva akutuluka pakamwa pawo, pamaso pa ana amene anawaphunzitsa kuwerenga, kunandipweteka kwambiri.

Gulu silinakhutire. Linafuna kuona makina amene amamveka phokoso m'nyumba mwathu. Amuna anga anawatulutsa okha n'kuwaika pansi. Mwatsoka, kansalu ka inki kanali ka mbali ziwiri, yakuda ndi yofiira. Mayi wina anakhudza, n'kukweza chala chofiira m'mwamba.

"Magazi!"

Edwin ananunkhiza n'kunena kuti ndi inki chabe, koma ankalankhula mochedwa. Zibonga zinali zitatsika kale. Makina ataphwanyika, mkwiyo unawathera, ndipo anabalalika mmodzimmodzi, ena akunena kuti akuchedwa kukapalira. Nyumba inapulumuka.

Ndinakhala pansi. A Cornelius anali atagwada m'matope, akutola tizitsulo ta zilembo n'kumaika m'thumba la malaya.

"Mayi a Lydia," anatero osandiyang'ana, "mwamumva Edwin? Mzere womaliza uja waunena pamtima."

"Tatsala pang'ono kupsera m'nyumba, inu mukukamba za mzere?"

Anangopitiriza kutola.

Kuyambira tsikulo sanagwirenso cholembera. Ankadzuka, kusamba, n'kukhala pampando kuyang'ana kudambo. Ine amene ndinkadandaula za phokoso la makina, bata limenelo linandilemera kuposa phokosolo.

Loweruka litafika, ndinatulutsa benchi ndekha. Ndinasesa khonde, ndinaika makope awiri ndi mapensulo amene ndinagula pa golosale. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, maso kumsewu. Jeremiah anadutsa pa njinga, anandiweyulira dzanja osaima. Zuwena sanaoneke.

Cha m'ma folo mvula inayamba kuwaza. A Cornelius anatulukira pakhomo, anayang'ana benchi, anayang'ana makope, kenako ine.

"Lowetsani zimenezo, mayi," anatero motsitsa mawu. "Zikungonyowa."