Tsiku Limene Amayi Anafunditsa Mtembo

Amayi a Mzime anakwera basi yopita kukoleji yakutali ija ali ndi cholinga chimodzi: kukaipezera chifukwa. Mwana wawo womaliza, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime, anali atapeza malo kumakoleji awiri oti akaphunzire maganizo a anthu ophwanya malamulo. Ina inali pafupi, yoti n'kumagona kunyumba. Inayi inali ya ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mtima wa mtsikanayo unali kumeneko. Amayi ake ankati zilibe kanthu, koma kunena zoona ankaopa kutsala okha m'nyumba.

"Kuphunzira mitu ya akuba mpaka kukwerera basi?" ankatero. "Akuba akunowa atha?"

Linali tsiku loonetsa alendo malo. Mphunzitsi wina wamkazi, wamagalasi, anatsogolera gulu la ana ndi makolo, Mzime ali momwemo, koma amayiwa anatsalira m'mbuyo akupititsa chala m'mawindo. Ntchito yawo inali yoyala mabedi kuhotela, fumbi silinkawabisalira. Chala chinabwerako choyera, ndipo zinawanyansa.

Kenako anapeza chipinda chosatseka, pakhomo atamangapo kachingwe kachikasu. Mkatimo mpando unali chagada, madirowa ali yasa, zovala zili mbwee pansi, ndipo chidole chachikulu ngati munthu chinali chitagona chafufumimba pakapeti.

"Ehee!" anatero, mtima utakhala pansi. "Ndiye ati mwana wanga azikhala pauve woterewu?"

Anati athamange akamuitane adzadzionere yekha. Koma pafupi ndi khomo panali shati yokwinyika moti munthu wolongosoka sakanaidutsa. Anawerama, nalowa kunsi kwa kachingwe kaja, naipinda. Atadzutsa mpando, zotsalazo zinaoneka zonyansa kuposa kale. Manja anangopitiriza okha. Pomaliza ananyamula chidole chija, nachigoneka pabedi, nachifunditsa bulangete mpaka m'khosi. Atamva mapazi, anatuluka mwakachetechete n'kukaima kumbuyo kwa gulu ngati munthu wosalakwa.

"Muno ndi moyeserera," mphunzitsi uja ankafotokoza akuyandikira. "Timasokoneza chipinda dala ngati mwachitika mlandu, ophunzira n'kumafufuza maganizo a wolakwayo poona mmene wasiyira zinthu. Monga mukuonera..."

Anasuzumira, navula magalasi, nawavalanso. Amayi a Mzime analakalaka nthaka itang'ambika.

"Chabwino," anatero mphunzitsiyo akudziletsa kuseka, "mlandu wasintha. Ndani angatiuze za munthu amene walowa muno?"

"Ndi chigawenga chofuna kubisa umboni," anayankha bambo wina mwamphamvu.

Mzime anasendera pakhomo. Anayang'ana ngodya za bulangete, zopindidwa mwa kuhotela, napuma mozama.

"Wobisa umboni safunditsa mtembo," anatero. "Uyu anabwera kudzafuna cholakwika, koma atachipeza zamukanika kuchisiya chilili. Ndi munthu woti akada nkhawa, manja ake sakhala pansi."

"Nkhawa yake ndi yotani?" anafunsa mphunzitsi.

"Wafunditsa mpaka m'khosi. Akuganiza kuti kuno kumazizira." Mtsikanayo sanacheuke. "Pali wina amene akumuopera kuti azidzagona kuno popanda womufunditsa."

Mphunzitsi anagwedeza mutu movomereza. Amayi ake anamva manyazi, kunyada ndi chisoni, zonse pakamodzi, mpaka anasowa choyamba kumeza.

M'basi pobwerera, koleji ija itazimiririka, amayiwo anayang'ana mwana wawo.

"Iwe, ungandiyalutse chonchija pagulu?"

"Koma sindinatchule munthu, amayi."

"Ukanatchula ndikanakusiya komweko." Anakonza kolala ya mwana wawo, imene inali yokonzeka kale. "Upite konkuja, wamva? Ukakhala pakhomo uzingofufuza ine ndekha, ndilibe pothawira."

Atatero anatembenukira kuwindo, kuti asawawerengenso m'maso.