Kapeti wa a Namondwe

Kusukulu kwathu, kusaluni, m'minibasi, aliyense akunong'ona zoti a Namondwe, DJ wa pa wailesi uja, ali ndi mankhwala kumapazi. Eti n'chifukwa chake amavula nsapato akangolowa mu situdiyo. Anthu inu, pakamwa! Zoona zake ndi izi, ndipo zachokera kwa mnzanga amene azakhali ake amakhala nawo mpanda umodzi.

A Namondwe anayamba ndi makaseti m'maukwati ndevu zisanamere. Kenako makalabu ankachita kuwalimbirana, mpaka wailesi inawatenga. Nyimbo akangoiika katatu, mawa lake woimbayo ankayenda mapewa ali m'mwamba. Koma zaka makumi awiri zotsamira masipika aakulu ngati chitseko si masewera. Makutu anayamba kulira okha, kenako kuti zii. Lakumanzere linatsekeka, lakumanja kunangotsala kamphepo.

Ndiye anapeza nzeru. Situdiyo yakale inali ya matabwa, sipika ili pansi pomwepo. Akaponda opanda nsapato, ng'oma inkawalowera kuchidendene, ndipo nyimbo ikatha mapazi ankawauza. Nanga oimba foni? "Ndilembereni papepala," ankatero, "sindiyankha aliyense ngati wogulitsa tomato." Anthu n'kumati ndi matama a kutchuka. Ma DJ achinyamata nawonso anayamba kuvula nsapato, makalabu onse fungo la masokosi lokhalokha.

Za makutuzo ankadziwa ndi akazi awo okha. Amayiwo ankawagwira chibwano kuti aziona milomo yawo.

"Bambo a mwana, tiyeni kuchipatala."

"Ndikakhale pa benchi, anthu azindijambula? DJ gonthi unamuona kuti iwe? Andichotsa tsiku lomwelo."

"Ndiye mpaka liti?"

A Namondwe ankangoyang'ana kukhoma. Akatero nkhani yatha, poti palibenso chomwe akumva.

Tsono Lolemba lapitali bwana wa wailesi anawagwira dzanja pamakwerero. "Mdala, bwerani muone mphatso yanu!" Situdiyo yatsopano, pansi pa simenti, masipika opachika m'mwamba, ndi kapeti wokhuthala ngati matiresi. "Tinaganizira mapazi anuwo, asamazizidwe," anatero bwana, mano onse panja.

A Namondwe anathokoza. Akanatani?

Fili koloko itakwana, nthawi yomwe timawamvera tikaweruka, nyali yofiira inayaka. Anavula nsapato, anaponda, anapondanso. Palibe. Anakankha kapeti ndi chala, koma anali womatidwa. Anagwira tebulo, tebulo lili duu. Chomwe chinatsala n'kuyang'anitsitsa timagetsi tobiriwira tomwe timadumpha nyimbo ikamalira. Nyimbo yoyamba inadutsa bwino. Yachiwirinso.

Pa yachitatu bwana anabwera kuseri kwa galasi ndi alendo atatu a masuti, omwe amalipira pulogalamuyo. Anakodola kuti mdala awaonetse kavinidwe kake kotchuka. Kukana kunalibe. A Namondwe anatembenuka, timagetsi tija n'kutsala kumbuyo, mapewa n'kuyamba ntchito. Anatsegula maikolofoni.

"Imveni ng'omayo! Imveni, ana inu! Amene wakhala pansi ndi mfiti!"

Koma nyimbo inali itatha kalekale. M'nyumba zonse munkangomveka kupuma kwawo ndi kampando kakulira kwiii, kwiii. Iwo ali jegwejegwe kuvina.

Anazindikira poona nkhope. Kumwetulira kwa bwana kunauma. Mlendo wina anagwira pakamwa. Miyendo ya a Namondwe inaima yokha. Chitseko chinali chimodzi, ndipo anthuwo anaima pomwepo.

Mayi woyendetsa makina, amene wagwira nawo ntchito zaka khumi, analemba msangamsanga n'kukanikiza pepala pagalasi: "Achimwene, nyimbo yatha. Simukumva kodi?"

Bwana nayenso anawerenga. Nyali yofiira ikadali yoyaka, maikolofoni ali pakamwa, tauni yonse yatchera khutu. Akanati makina afa, mayi ujayo ndiye akanachotsedwa. Akanati n'zoona, zaka makumi awiri zikanathera pomwepo.

Inuyo mukanakhala a Namondwe, mukananena chiyani pa maikolofoni paja?